Kodi "mkazi wolongolola" ndi mkazi wotani?

Kalembera_wa_Linga:
Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba sewero loti achinyamata a kuno ku Nkhotakota akaonetse, ndipo muli mayi wina amene sagwirizana ndi mwamuna wake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pomufotokoza ndalemba kuti ndi "mkazi wolongolola". Mtsikana amene atenge mbali imeneyi wawakana mawuwa, akuti anthu akangowamva ayamba kumuseka mayiyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Ine ndimawatenga ngati mawu akale ofotokoza khalidwe basi. Kodi kulongolola kwenikweni n'kutani? Kukusiyana pati ndi kulalata kapena makani? Nanga bwanji "mwamuna wolongolola" sitimumvamva?

MloviWaSenga:
Akukana chiyani? Mawu alipo chifukwa anthu ake alipo. Bwerani ku Senga Bay m'mawa maboti akamakocheza mudzamve nokha.

MayiWaUsipa:
Achimwene, amene mumawamva kugombe aja amakhala akunenerera mtengo wa usipa. Ndi malonda amenewo. Inu mukamakuwa usiku wonse pokoka chilimira timati muli pantchito.

MphunzitsiWakale:
Funso labwino a Kalembera. Mawu amenewa tisamawaphatikize, makolo ankawasiyanitsa. Wolalata ndi amene wapsa mtima n'kuyamba kukalipa mokweza, mwinanso kutukwana, mpaka oyandikana nawo kutuluka kudzaonerera, koma mtima ukatsika amaleka. Wamakani ndi wosagonja pa mtsutso ngakhale mutamuonetsa umboni. Wong'ung'udza amadandaulira pansipansi uku akutsuka mbale, mawu osamveka bwino. Tsono kulongolola si kukweza mawu ayi, ndi kusaleka. Nkhani imodzi yomweyo m'mawa, masana, pogona, mawa lake kuyambira pomwe inalekezera dzulo.

Ndipo pakokha kulongolola si ndewu. Mwana amene wangodziwa kumene kuyankhula timati akulongolola, ndipo timasekerera. Bambo akachokera ku mowa n'kumayankhula okha pakhonde mpaka tambala woyamba timatinso akulongolola. Ngakhale wailesi imene mwaiwala kutseka timati ikungolongolola yokha. Mneni ameneyu sasankha mkazi kapena mwamuna. Chimene chinachitika n'chakuti mawu awiriwa, mkazi ndi wolongolola, anamatirirana, moti ukatchula limodzi linzake limabwera lokha. Amene munakhalako ku Nsanje mukudziwa kuti mu Chisena kulonga ndi kuyankhula basi. Ine ndimaona ngati kulongolola ndi m'bale wake wa mawu amenewo, kuyankhula kopitiriza osapuma.

MkuluWaMpingo_Benga:
Aphunzitsi, amene anawamata pamodzi mawuwa ndi buku la Miyambo ndi maulaliki a pa ukwati. Tsegulani Buku Lopatulika. Pa 21:9 akunena kuti bola kukhala pangodya ya tsindwi kusiyana ndi kukhala m'nyumba ndi mkazi wolongolola, ndipo abwerezanso pa 25:24. Pa 21:19 akuti bola m'chipululu. Pa 27:15 akumufanizira ndi kudontha kwa nyumba tsiku la mvula. Baibulo limeneli linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo ntchito yomasulira inachitikira pafupi pompa, paphiri la Kaso ku Mvera, mukamakwera kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe, motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi achikuda. Ndiye kwa zaka zoposa 100 mawu awiriwa akhala akuwerengedwa pamodzi m'matchalitchi ndi m'masukulu a mishoni. N'chifukwa chake amamveka akale komanso olemera.

Za tsindwi zija tizimve bwino. Nyumba za ku Israyeli zinali ndi denga lafulati, munthu ankakwerapo kukapuma kapena kugona, moti Deuteronomo 22:8 imalamula kumanga kampanda m'mbali mwake kuti wina asagwe. Si denga la udzu kapena la malata ngati lathu ayi.

Koma pali vesi imene simveka pa maukwati. Miyambo 26:21 imakamba za mwamuna wokonda mikangano, kuti ali ngati nkhuni pamoto. Mu Chihebri liwu lofotokoza mwamuna ameneyu ndi lomwelo limene lili pa mkazi uja wa pa 21:9.

MloviWaSenga:
Wamwamuna vesi imodzi, wamkazi zinayi. Mfumu Solomo anali ndi akazi ambiri, ankadziwa chimene ankanena.

Binti_Linga:
Ife kwathu ndi Asilamu, Miyambo sitinakule nayo, koma mawuwa ndawamva kuyambira ndili mwana. Ndiye omasulira aja sanawapange, anawapeza ali kale pakamwa pa anthu. Chodabwitsa n'chakuti kwathu amene ankanenedwa kwambiri kuti ndi olongolola anali agogo aamuna. Akakhala pa bawo madzulo n'kuyamba nkhani zimene anamva kwa makolo awo, za nthawi ya Jumbe ndi zombo zimene zinkawoloka nyanja kuchokera pa Linga pano, agogo aakazi ankati, "Anthu inu kulongolola, nsima ikuzizira." Panalibe amene ankamva ngati watukwanidwa. Koma mawu omwewo akanenedwa kwa mkazi wapabanja amamata, ndipo amafika mpaka kwa ana ake aakazi: "Usakakwatire pakhomo paja, amayi ake ndi olongolola."

Nachisale47:
Vesi ya kudontha ija ine imandiganizitsa zina. Ambirife tagonamo m'nyumba ya udzu mu Januwale. Dontho likayamba umasuntha mphasa, utchera beseni, lina layambira pamwamba pa ufa, mwana wadzuka akulira. N'zotopetsa, sindikukana. Koma denga limadontha chifukwa wina sanafolere mu Okutobala. Udzu mkazi anamweta kale, anasenza mitolo, anaunjika kuseri kwa nyumba mpaka chiswe kuyamba kudya. Wokwera padenga ndani kwathu kuno? Ndiye mvula ikabwera tiziimba mlandu dontho?

MloviWaSenga:
Apa ndiye mwayamba kupotoza malemba amayi.

MkuluWaMpingo_Benga:
Vesiyo sikamba za kufolera, pamenepo a Mlovi mwalondola. Koma funso la amayi Nachisale ndi loyenera kulifunsa nthawi iliyonse vesiyi ikawerengedwa pamaso pa mkwati ndi mkwatibwi.

Nkhoswe_Lifuwu:
Ndiloleni ndinene zimene ndimaona pa unkhoswe, chifukwa mawuwa amagwira ntchito kwambiri kumeneko kuposa m'mabuku. Mwamuna akabwera kudzadandaula, kawirikawiri sayamba ndi nkhani, amayamba ndi dzina: "Mlongo wanu ndi wolongolola, ine ndatopa." Akangotero akuluakulu amagwedeza mitu, mlandu watha usanayambe, chatsala ndi kumulangiza mkazi kuti banja ndi kupirira.

Tinali ndi nkhani ina yotere pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa malume anga. Mkamwini anayankhula bwino kwambiri, modekha, manja atapinda. Mkazi ali pamphasa, mutu pansi, akungokumba dothi ndi kamtengo. Tonse tinali titamugamula kale mumtima. Ndiye azakhali ena okalamba, amene sanayankhulepo chiyambire, anafunsa kuti, "Bambo, tamva kuti amalongolola. Akamalongolola amati chiyani?" Mkamwini uja anayamba kuyang'ana kumbali. Azakhali anatembenukira kwa mkazi, "Tanena ndiwe, umati chiyani?" Iye anati, "Ndimafunsa za mpunga." Anali atalima Kilombero pamunda wa amayi ake, kuwokera limodzi, kuingitsa mbalame ndi ana, kumweta, kupuntha. Mwamuna anakweza matumba pa galimoto kupita nawo pa Kamuzu Road, anabwerako patapita masiku ali ndi foni yatsopano, ndalama osaoneka. Mwana wamkulu anali atabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi. Madzulo alionse mkaziyo ankafunsa funso limodzi lomwelo, ndipo madzulo alionse sankayankhidwa. Kulongolola kwake kunali kumeneko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Onaninso kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa. Mkazi amene ali pamudzi pawo, munda ndi wa mbumba yake, alongo ake ali pafupi, amayankhula momasuka, ndipo mkamwini amene akudziona mlendo amamva ngati akunyozedwa. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ambiri poterereka amasiya mawu akuti "anali wolongolola". Mkazi yemweyo mutamutengera kwa mwamuna, mawu ochepa okha amatengedwa kale ngati mwano, chifukwa apongozi ndi alamu amayembekezera kuti mtengwa azikhala chete.

WakuDwangwa:
Ndawerenga zonsezi ndipo mtima ukundiwawa pang'ono, chifukwa mukuyankhula ngati mkazi aliyense wotchedwa dzinali ndi wolakwiridwa. Ine ndinkadula nzimbe. Ndalama yonse ndinkapereka m'manja mwa mayi a kunyumba, sindimwa, sindinagonepo kunja. Koma ndikangolowa pakhomo zinkayamba: ndiwe wosauka, anzako amanga za malata, bambo ako analinso chimodzimodzi, ndinalakwitsa kukulola. Pamaso pa ana, pamaso pa alendo. Ndinafika pomakhala pa sitolo mpaka mdima kudikira kuti agone. Mwana wanga wamwamuna anayamba kundiyankha ndi mawu omwewo a amayi ake. Nditapita kwa ankhoswe anandiseka, akuti mwamuna salira ndi pakamwa pa mkazi. Banja linatha. Musatiuze kuti anthu oterewa kulibe.

MayiWaUsipa:
Pepani bambo, zimenezo n'zowawa ndipo palibe akukana. Koma zimene mwafotokozazo ine sindingazitche kulongolola. Imeneyo ndi nkhanza. Mayi wa mpunga uja ankafunsa funso loti likanayankhidwa akanaleka. Akwanuwo sankafunsa kanthu, ankafuna kukuchepetsani. Vuto ndi lakuti dzina limodzi lomweli tikuveka anthu awiri osiyana kotheratu.

Nachisale47:
Ndipo ankhoswe amene anakusekaniwo analakwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za mawu ndi zozunza maganizo, osati kumenya kokha, ndipo limateteza mwamuna ndi mkazi yemwe. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, abambo nawonso amalandiridwa.

WakuDwangwa:
Zikomo amayi. Nthawi imeneyo sindikanapita, manyazi. Lero ndikanamulangiza mnzanga kuti apite.

WowerengaMabuku:
Nkhaniyi si yathu yokha. Angerezi ali ndi liwu lawo lakale, shrew, ndipo mudabwa kumva kuti ndi dzina la kanyama kamene ife timati swiswiri. Kalekale liwuli ankanenera munthu aliyense woipa mtima, mwamuna kapena mkazi, koma m'kupita kwa nthawi linatsalira akazi okha, monga mmene aphunzitsi afotokozera za lathuli. William Shakespeare analemba sewero cha m'ma 1590 lotchedwa The Taming of the Shrew, lochitikira mumzinda wa Padua ku Italy. Mtsikana Katherina amadziwika ndi pakamwa, ndipo Petruchio amamukwatira n'kuyamba kumuweta: kumumana chakudya, kumumana tulo, mpaka mkaziyo kuvomera kuti dzuwa ndi mwezi chifukwa mwamuna watero. Pomaliza Katherina amalangiza akazi anzake za kugonjera amuna awo. Linalembedwa ngati nthabwala, ndipo mpaka lero ochita masewero amatsutsana kuti mathero amenewa aziwaonetsa bwanji.

Sizinathere m'masewero. Ku England kunali mlandu wa mkazi wosowetsa anthu mtendere ndi pakamwa, ndipo chilango chake chinali kumumangirira pampando n'kumuviika m'madzi anthu akuonerera. Ku Scotland, kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ankamuveka chipewa chachitsulo chokhala ndi kachitsulo kolowa m'kamwa kupanikiza lilime, n'kumuyendetsa mumsewu. Mlandu umenewu unafafanizidwa m'malamulo a England mu 1967, ife titalandira kale ufulu. Agiriki nawonso ali ndi wawo, Xanthippe, mkazi wa Socrates, amene dzina lake linasanduka chitukwano. Zonse zimene timamva za iye analemba ndi amuna, mbali yake palibe anaisunga.

MnyamataWaChia:
Swiswiri ameneyu tinkamupeza posaka mbewa tikatentha tchire. Kamlomo kosongoka, fungo lake loipa, palibe ankamuika pa mpani. Ngakhale galu amangomupha n'kumusiya. Agogo ankati akadumpha njira amafa, n'chifukwa chake umamupeza atafa m'mbali mwa kanjira.

MloviWaSenga:
Kumeneko ku Chia mumadziwa mbewa inu? Si chambo ndi kondowole basi?

MnyamataWaChia:
Kumtunda kwake kuli minda achimwene, kapuku timamudziwa. Ndipo kondowole musamunyoze, ndi amene amatisunga chimanga chikakanika.

Gogo_Thavite:
Ana inu bwererani ku nkhani. Ine ndikufuna ndinene za pamtondo, chifukwa a WowerengaMabuku atitengera kutali pomwe zathu zili pafupi. Kale mkazi anali ndi malo onenera zakukhosi. Tinkakonola chimanga awiriawiri kapena atatu pa mtondo umodzi, misi ikusinthana, ndipo nyimbo inkatsatira musi. M'nyimbomo ndi mmene munkalowa zonse: mwamuna amene wapita ku Joni kapena ku Halale osatumiza ngakhale kalata, apongozi owerenga nthuli za ndiwo, mkazi mnzako wa pamitala amene walanda sabata yako. Dzina sunkatchula. Mwini wake ali pansi pa mtengo akusema mpini, akumva zonse, mudzi wonse ukumva, koma sakanakutengera kwa ankhoswe chifukwa ndi nyimbo. Anzako ankavomereza, ndiye unkadziwa kuti suli wekha. Kawirikawiri madzulo ake bambo ankasintha, chifukwa manyazi anali atawagwira popanda kukangana.

Zimenezo ndiye zolemba zathu ife amayi, ngakhale sizinali papepala. M'mabuku ndi pa guwa mumamveka mawu a mwamuna wotopa ndi mkazi. Pamtondo pankamveka mawu a mkaziyo. Chigayo chitabwera tinapuma mapewa, ndipo sindingafune kubwerera, koma bwalo lija linatha. Pa chigayo umangoima pamzere, phokoso la injini, sungaimbe. Ndiye mawu amene ankatulukira pamtondo lero akutulukira m'nyumba, kwa munthu mmodzi, usiku.

Binti_Linga:
Agogo mwanena zoona. Atsikana a lero amaika pa status ya WhatsApp, osatchula dzina, mwini wake aziwerenga yekha. Koma palibe wovomereza, anthu amangoona n'kuyamba miseche.

Nachisale47:
Pali mbali ina yoopsa imene sitinaikhudze. Mkazi wotchedwa wolongolola akakalamba, mwamuna atamwalira, dzinali limasintha. Gogo amene amadandaula mokweza kuti amulanda munda, kapena amene anakalipira ana oba mango, mwana wina akangodwala anthu amakumbukira kuti "paja ananena kuti muona". Mawa lake ndi mfiti. Tamva kangati m'dziko muno za okalamba omenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba? Chonsecho lamulo la za ufiti la 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Gogo wachete sanenedwa kawirikawiri. Amene amanenedwa ndi uja anthu anamuzolowera kuti ndi wapakamwa.

MloviWaSenga:
Pamenepo ndikugwirizana nanu, zowotcha nyumba za agogo n'zoipa. Koma musafike poti tisiye mawu a Chichewa chifukwa ena amawagwiritsa ntchito molakwika.

MphunzitsiWakale:
Palibe wanena kuti tiwataye a Mlovi. Kwa wolemba, nkhani yagona pa amene akuwanena. Ndaonera masewero ambiri a ana a sukulu ndi a magulu a m'mudzi, ndamveranso a pa wailesi. Mayi wolongolola amalowa chitenje atamanga m'chiuno, manja m'chiuno, akukuwa asanafike n'komwe pakati pa bwalo. Bambo amakhala wofatsa womvetsa chisoni. Anthu amaseka, ndipo pomaliza mayi uja amalapa kapena amathamangitsidwa. Wolemba wotere wagamula mlandu ngati akuluakulu aja a Nkhoswe_Lifuwu, azakhali aja asanafunse funso lawo.

A Kalembera, inu monga mwini sewero musamutche mayiyo dzina limeneli pamndandanda wa otenga mbali. Liikeni pakamwa pa mwamuna wake, kapena apongozi, kapena anzake a mwamunayo pa bawo. Kenako mayiyo mumupatse mawu ake enieni, oonerera amve chimene akubwereza. Akatero adzagamula okha ngati ndi mayi wa mpunga kapena ndi uja wa ku Dwangwa. Mtsikana wanuyo waona bwino, ndipo mumusunge, ali ndi khutu la wolemba.

WakuDwangwa:
Koma musamusandutsenso mngelo. Ngakhale amene ali ndi chifukwa chomveka amatha kunena mawu olasa, ndipo ana amamva. Muikemo mwana amene akumvetsera kuseri kwa chitseko.

Kalembera_wa_Linga:
Mwana ameneyo munalibe, ndimuika. Ndikufunanso chigawo cha pamtondo, mayiyo ali ndi anzake, kuti anthu amuone akuseka ndi kuimba asanamuone akukangana. Agogo a ku Thavite, ngati mungalole ndidzabwere ndi achinyamata awiri mudzatiphunzitse kasinthanidwe ka misi, chifukwa ambiri mwa iwo sanagwirepo musi.

Gogo_Thavite:
Bwerani mukakolola, chimanga chikauma. Mtondo ulipo, koma misi mubwere nayo iwiri, wanga watsala umodzi.

MloviWaSenga:
Ine ndikuti anthu amabwera ku sewero kudzaseka. Mukachotsa mayi wokuwa uja bwalo likhala la anthu ochepa.

MayiWaUsipa:
Adzaseka ndithu, musade nkhawa, chifukwa mkazi wokwiya weniweni amaposa wa m'sewero. Wa m'sewero amangoti iwe, iwe, iwe. Weniweni amawerengera. Amakuuza tsiku limene unatenga ndalama, anali atavala chiyani, ndowa ya usipa inali pa mtengo wanji tsiku limenelo, ndani analipo, ndipo unalonjeza kuti ubweza liti. A Kalembera, musalembe mawu a mayiyo muli pa tebulo. Pitani kugombe m'mamawa, mukakhale pafupi ndi mathandala pamene amayi akuyanika usipa, mukamvetsere mmene amakambira za amuna awo amene alandira gawo lawo la usiku n'kulowera kumalo omwera asanafike kunyumba. Mutenge kope ndi cholembera, koma muyambe mwawapempha, ndipo mayina awo musalembe.